Kukajambula Mbuzi Kuseri kwa Chongoni

Ndinanyamuka pa Dedza boma Lachiwiri m'mawa, m'mwezi wa Julaye, chisanu chikuluma makutu ngati chachita kutumidwa. Ndinavala majuzi awiri, chitenje pamwamba, ndipo m'chikwama munali foni ya bungwe lathu, ija yosweka galasi. Ntchito imene anandituma inali yokajambula mbuzi. Ee, mbuzi. Mayi wamkulu ngati ine, amene ndinaphunzitsa ana a eni mpaka kupuma pantchito, ndikakwere phiri ndi maondo ovutawa kukajambula mbuzi.

Ndifotokoze kaye, mungandiyese wamisala. Kabungwe kathu n'kakang'ono, ofesi yake ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa golosale. Timapereka mbuzi yaikazi imodzi kwa mayi wovutika. Ikaswa msoti, iye amaupereka kwa mayi wina amene akudikira, mbuzi n'kumayenda choncho. Wosunga bwino mbuzi yake timamuwonjezera mbewu ya mbatata ya kachewere mvula ikayandikira. Otithandiza ndi ana a kuno komwe amene akugwira ntchito kunja. Kale kudziwa ngati ntchito yathu ikupindula kunali kosavuta: timaimbira foni wapampando wa gulu kumudzi, iye n'kuyankha kuti zonse zili bwino, ife n'kutumiza mawu omwewo kunja. Koma chaka chimenecho otithandizawo anati atopa nazo za "zili bwino", akufuna aone ndi maso awo.

Ndiye a tcheya athu, a Kalipinde, munthu wokonda malamulo kuposa ndiwo, anakhazikitsa lamulo. Mayi aliyense ajambulidwe ataima pakhola, atagwira mbuzi yake. Wopanda mbuzi pachithunzi dzina lake lichotsedwe, mbewu asalandire. Ine ndinatsutsa pamsonkhano, ndinati mbuzi si mwala woti ukausiya apa udzaupeze pomwepo. Mphotho ya kutsutsako inali yoti wopita ndikhale ine.

Pasiteji kondakitala anandithamangira n'kundilanda chikwama. "Lowani mayi, watsala mmodzi!" Mmodzi ameneyo tinamudikira mpaka dzuwa linatulukiratu paphiri la Dedza. Ndinalipira K2,000 yokatsikira pamphambano yolowera ku Chongoni, malo oti pamsewu wa M1 si patali n'komwe. Ndinakhala mopanikizana ndi bambo wina wonyamula kabichi, thumba lina atalisenzetsa maondo angawa osapempha.

"Ulendo wa kuti, mayi?" anandifunsa.

"Kukajambula mbuzi."

"Zanu?"

"Za eni."

"Ndiye akulipirani bwino, eti?"

"Ndine wongodzipereka."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mulungu akukhudzeni, mayi," ndi mawu amene anthu amalankhulira kwa wodwala kuchipatala.

Pamphambano ndinagula tchipisi cha pachiwaya, chamchere wambiri, kuti ndifunditse m'mimba. Akabaza anandizungulira. Ndinasankha wachikulire, a Fabiano, poganiza kuti munthu waimvi sangathamange. Ndinalakwa. Tinagwirizana K5,000 kupita ndi kubwera, ndipo njinga yamoto ija inanyamuka ndisanakhazikike n'komwe. Msewu wake ndi wafumbi, wa miyala, wodutsa m'mitengo ya paini momwe dzuwa silifika, ndipo mphepo inkalowa m'majuzi onse awiri. Tinadutsa amayi osenza nkhuni ali pamzere, ena akundiseka poona mmene ndinawakumbatirira a Fabiano. Ndinakuwa kuti achepetse liwiro. Iwo anati, "Tikachepetsa tigwa, mayi." Abale inu, nzeru za akabaza!

Msewu unathera pakamtsinje, pamene pali mitengo iwiri yogoneka m'malo mwa mlatho. Apa a Fabiano anati adikira, koma ndisachedwe chifukwa kudikira nakonso ndi ntchito. Dzina la mudziwo ndilisunga, chifukwa chake mumva.

Kutsidya anali kundidikira a Lufeyo, wapampando wa gulu la mbuzi m'mudzimo, bambo wamtali wowonda, wovala jekete la suti ndi magambuti. Ndi iwowa amene ankatiyankha pafoni kuti zonse zili bwino. Anandilonjera mwaulemu wochita kupyola, n'kundiuza ndondomeko. M'mudzimo munali amayi atatu olandira mbuzi zathu. Tiyambira kwa a Nabanda, kenako kwa a Nangozo, n'kumalizira kwa a Nachisale amene amakhala pamwamba penipeni, m'mphepete mwa nkhalango. Ndinafunsa ngati pali njira yachidule. Anati ilipo koma njoterera, si ya anthu olemekezeka.

Kwa a Nabanda zonse zinayenda bwino. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana ndi aliyense wa pakhomopo mmodzimmodzi, mpaka wakhanda anamubweretsa kuti ndimuone. Anandipatsa thobwa m'kapu yaikulu yapulasitiki. Kenako anatulutsa mbuzi. Inali yofiirira, ya banga loyera pamphumi, nyanga yakumanzere yothyoka. Inali mbuzi yamwano. Ndikukonza foni, iyo inali itayamba kale kutafuna nsonga ya chitenje changa. Ndinajambula, a Nabanda akumwetulira mano onse pamtunda, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ntchitoyi si yovuta.

Ndikutembenuka, a Lufeyo anali akutsanzika. Ati atsogoleko akawadziwitse a Nangozo kuti alendo afika. A Nabanda anati andiperekeza okha, koma ndimalize kaye thobwa, ndipo anawonjezera lina kapu isanathe. Ulendo wa kwa a Nangozo unali wa kamba. Anandionetsa dimba lawo, dimba la achemwali awo, mtengo wa mapichesi umene unabzalidwa ndi malemu agogo awo, chitsime chimene chinauma, chitsime chimene sichinaume. Tikakumana ndi munthu, tiime, tilonjerane, afunse za ku boma. Ine n'kumayang'ana dzuwa, iwo osatekeseka.

Tinafika kwa a Nangozo dzuwa lili pamutu. Ndinawapeza ataima kale pakhola, atavala chitenje chatsopano, chingwe chili m'manja. A Lufeyo anali chapambali, thukuta lili kamukamu, m'chisanu choti ine ndavala majuzi awiri. Mbuzi nayo inali wefuwefu. Yofiirira. Banga loyera pamphumi. Nyanga yakumanzere yothyoka. Chimene chinasintha ndi chingwe chokha, kuja chinali cha luzi, kuno cha buluu.

"Mbuzi iyi ndakumana nayo kale," ndinatero.

"N'zapachibale, mayi," anayankha a Nangozo, maso ali pansi.

"Nyanga nazonso zimathyoka pachibale?"

Mbuzi yokha ndi imene inandizindikira, inasolola khosi n'kugwira nsonga yomwe ija ya chitenje, kupitiriza pamene inasiyira. Ndinasuzumira m'khola. Munali mosesa bwino, mopanda ndowe ngakhale imodzi, ndipo pakona nkhuku inali itafungatira mazira. Ine, mphunzitsi amene ndinkagwira ana obera mayeso ndili chotembenukira kubolodi, andichite zimenezi! Komabe ndinajambula. Ndinadziuza kuti ndione kaye kumene masewerawa akathere.

A Lufeyo anatsanzikanso kuti akawadziwitse a Nachisale. A Nangozo anatulutsa thobwa. Ndinakana. Anati mlendo sakana thobwa. Ndinati mlendo uyu wakana. Anati andiperekeze, ndinati ndili ndi miyendo. Nditangopota kuseri kwa nkhokwe ndinakumana ndi mayi wina wochokera kunkhuni, ndinamufunsa njira yachidule ya kwa a Nachisale, ndipo iye, posadziwa za chiwembu, anandilozera.

Njirayo inalidi yoipa, apa a Lufeyo sananame. Inali yokwera chamtunda pakati pa miyala, ndipo maondo anga ankalira sitepe iliyonse. Ndinkakwera ndikutukwana chamumtima a Kalipinde, otithandiza a kunja, amene anapanga foni yojambula, ndi ine mwini chifukwa cha pakamwa panga pamsonkhano. Nditafika pakati pa chitunda ndinamva mawu a munthu akudandaulira wina. "Dzuka, iwe, ndakupempha. Dzuka, tatsala pang'ono." Ndikupota pamwala, ndinawapeza. Mbuzi itakhala pansi pakati pa njira, yakaniratu. A Lufeyo avula jekete, alipachika pachitsamba, agwada kumbuyo kwake akuikankha ndi phewa. M'thumba la thalauza mukulendewera chingwe chachitatu, chofiira.

Atandiona anaimirira, navala jekete, n'kumanga mabatani onse.

"Mwafika msanga, mayi."

"Mukundiyesa mwana, a Lufeyo?"

"Ayi ndithu, mayi. Tinangowerengera kuti maondo anuwo akuchedwetsani."

Ndinawakalipira, sindibisa. Ndinawauza kuti ndasiya ntchito zanga, ndagwedezeka panjinga mpaka msana, ndamwa thobwa lokwana anthu atatu, kuti ndidzajambule mbuzi imodzi katatu. Iwo anangoima, manja kumbuyo, kudikira kuti mvula ikate. Nditatopa ndinakhala pamwala, ndipo anayamba kufotokoza.

Mbuzi ya a Nangozo inagwidwa ndi fisi nthawi ya dzinja, anathyola khola usiku. Ya a Nachisale nkhani yake ndikaimve kwa eni ake. Yotsala m'mudzimo inali ya a Nabanda yokhayi. Uthenga wa lamulo la zithunzi utafika, gulu linakhala pansi potuluka m'tchalitchi, ndipo a Nabanda eni ake ndi amene ananena kuti mbuzi yawo iyende.

"Mbewu ija, mayi, kwa inu ndi thumba chabe," anatero a Lufeyo. "Kwa a Nachisale ndi chaka chonse. Amuna awo anamwalira nthawi yokolola, chimanga chinathera pamaliro, ana alipo. Ife tinati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiye tikanatani?"

"Mukanatiuza zoona pafoni."

"Tikanakuuzani, lamulo likanasintha?"

Ndinawaganizira a Kalipinde ndi magalasi awo, ndipo ndinadziwa kuti silikanasintha. Zimenezi zinandikwiyitsa kuposa bodza lija. Dzuwa linali litapendeka, mbuzi ili chikhalire, ikubzikula ngati nkhaniyo siikuikhudza. Ndinaimirira, n'kugwira chingwe. Umu ndi mmene mlembi wa bungwe, wotumidwa kudzayeza ngati ntchito ikupindula, anapezekera akukoka mbuzi yobwereka kutsogolo, wapampando akukankha kumbuyo.

Nyumba ya a Nachisale ndi yomalizira, kuseri kwake kuli kale mitengo ya nkhalango. Anatuluka mayi wamfupi, wamng'ono kwa ine, mpango wakuda kumutu. Anayang'ana ine, anayang'ana mbuzi, kenako a Lufeyo, ndipo nkhope yawo inagwa. Anatiyalira thumba pakhonde poti mphasa inapita ndi maliro. Kumunsi kwa nyumba ndinaona munda wawo pachitunda, mizere itaungidwa kale, yowongoka bwino, chikhalirecho mvula ili kutali. Mizere imeneyo inkadikira mbewu yathu.

Ndinawafunsa za mbuzi yawo. Anafotokoza mosazungulira. Inaswa kamodzi, tonde. Tondeyo anamugulitsa kuti apeze galimoto yotengera amuna awo kuchipatala cha ku boma. Amunawo sanabwereko amoyo. Make wa tonde uja anaphedwa tsiku loika maliro.

"Adzukulu akumba manda a bambo a ana anga m'miyala muja kuyambira m'bandakucha," anatero. "Abale a malemu abwera kuchokera kutali. Ndiwapatse nkhwani, mbuzi ikulira m'khola, onse akuimva? Akanandinena mpaka ine kulowa m'manda. Ndinaipereka ndekha, palibe anandikakamiza."

A Lufeyo anamasula chingwe cha buluu, namanga chofiira, n'kuwapatsira. A Nachisale anabweza manja kumbuyo.

"Ndinakuuzani kale, achimwene, kuti ine ayi. Mbuzi ya eni sindigwira. Mayi, jambulani khola mmene lililimu."

"Khola lopanda mbuzi, mbewu palibe," ndinawauza. "Ndi lamulo."

"Ndiye mukawafotokozere zimene zinachitika."

"Sakufuna zofotokoza. Akufuna chithunzi."

"Chithunzi chonama chikapita kutali, ine ndidzachibweza bwanji?"

Tinalimbana. A Lufeyo anachonderera, anatchula ana, anatchula mizere. Mayiyo anangoyang'ana kumbali. Ine thobwa lija likundivutitsa, dzuwa likutsetsereka, ndikuganiza za a Fabiano amene akuwonjezera mtengo kumtsinje kuja. Ndinali nditakoka mbuzi chitunda chonse chifukwa cha munthu ameneyu, iye n'kumakana! Mawu anga a m'kalasi anatuluka okha.

"Gwirani chingwe, mayi! Musatitayitse nthawi. Gwirani!"

Anadzidzimuka. Anachigwira ndi zala ziwiri, ngati chotentha. Ndinawauza kuti ayang'ane kuno, sanayang'ane. Ndinajambula choncho, iwo maso ali pansi, mbuzi ikuyang'ana foni molimba mtima poti inali itazolowera. Potsanzikana analowa m'nyumba n'kutuluka ndi timbatata tinayi ta kachewere tophika, ting'onoting'ono, atatikulunga m'pepala, kuti ndidye m'njira. Ndinafuna kukana koma ndinaona kuti ndawachititsa manyazi kokwanira tsiku limenelo.

Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera. Kumtsinje ndinawapeza a Fabiano atagona chagada paudzu, ndipo anadzuka ndi mtengo watsopano, K7,000, ati yapamwambayo ndi ya chisanu chimene chinawalowa m'mafupa. Ndinalibe mphamvu zokangana. Pamphambano minibasi inabwera yodzaza kale, kondakitala n'kunena kuti malo alipo ambiri, ndipo ndinayenda theka la thupi lili pampando, theka lili m'malere. Timbatata tija ndinadyera momwemo. Tinali tozizira, topanda mchere.

Ndinafika pa boma dzuwa lili pafupi kulowa. A Kalipinde anali akundidikira mu ofesi, magalasi ali pamphuno. Analandira foni asanandifunse n'komwe za ulendo. Ndinaima pakhomo ndikudikira kuti aone nyanga ija. Anayang'ana chithunzi choyamba, chachiwiri, chachitatu. Anabwereranso. Anakulitsa ndi zala, kuyandikitsa foni kumaso. Ndinati basi, tagwidwa.

"Mayi mlembi!" anakuwa. "Mwaona zimenezi? Zonse zitatu zili ndi bere!"

Kalanga ine. Tsiku lonse ndinkangoyang'ana nyanga ndi banga, mimba sindinaiganizire. Ndiye chifukwa chake inkakhala pansi pachitunda paja. A Kalipinde anagwirapo ntchito ya zaulimi, bere la mbuzi salakwitsa. Anali wosangalala ngati mwana. Ndisanakhale n'komwe pansi anali atatumiza kale zithunzi zonse kunja. Kenako anatenga choko, napita pabolodi pamene timalemba amayi odikira mbuzi, n'kulemba mayina atatu, lililonse moyang'anizana ndi mayi wopereka. A Nabanda apereke kwa uyu, a Nangozo kwa uyu, a Nachisale kwa uyu.

"Pofika Khirisimasi aliyense akhale atapereka," anatero. "Mbuzi ikaswa tonde akasinthitse ndi msoti, anthu adikira kokwanira. Mwaona ubwino wa zithunzi? Inu munkatsutsa."

Ndinatsegula pakamwa. Ndikanena zoona, a Nachisale mbewu palibe, a Nangozo palibe, ndipo a Nabanda nawo achotsedwa chifukwa chobwereketsa. Ndikakhala chete, mayi wamasiye amene alibe ngakhale mphasa asakesake msoti pofika Khirisimasi, chifukwa cha chingwe chimene anachikana ine n'kumugwiritsa. Ndinatseka pakamwa. A Kalipinde anaimba foni kumudzi wina woyandikana nawo, wa kutsidya, kuti amayi atatu odikirawo auzidwe nkhani yabwino, ine ndili pomwepo.

Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chochepa ndipo sichikundisangalatsa. Foni imajambula mbuzi imene yaima m'khola. Mbuzi imene inanyamula wodwala kupita naye kuchipatala, kapena imene inavindikira manyazi a mayi wamasiye pamaso pa abale a mwamuna wake, siioneka, chonsecho ndi imene inagwira ntchito kuposa zonse. Ife tinafunsa funso limodzi lokha, anthu n'kutiyankha mmene tinafunira, ndipo yankholo lagwera wosauka kuposa onse. Masiku ano ndikagwada m'tchalitchi, pakati pa mapemphero a ana anga ndi a maondo anga, ndimapempherera mbuzi yamwano yothyoka nyanga kuti iswe ana atatu, onse misoti. Ndikudziwa kuti n'zosowa.

Loweruka la sabata yomweyo a Lufeyo anandiimbira. Sananene kuti zonse zili bwino. Anati a Nachisale amva za bolodi, sanalire, sanatukwane, angofunsa kuti mwana wa mbuziyo akamutenga kuti. Anatinso mayi wa kutsidya amene analembedwa moyang'anizana ndi dzina lawo wayamba kale kudula mitengo yomangira khola.